Chizungulire ndikamasewera Doom pa Switch Lite: vuto ndi makinawa kapena ndi ine?

Mnyamata wa ku Kabwata:

Moni kwa nonse. Ndili ndi nkhani imene yandizunguza mutu kwa milungu ingapo tsopano, ndipo ndikukhulupirira kuti pakati panu sangalephere kupezeka wina amene anakumanapo nayo. Msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anandisiyira Nintendo Switch Lite, kamakina kosewerera magemu m'manja, pamene anabwera kudzaona makolo pa Khirisimasi, ndipo anandipatsanso kakhadi ka Doom, ija ya 2016 imene msilikali amadzidzimuka ali pa Mars n'kupeza kuti ziwanda zalanda malo onse a kafukufuku. Gemu imeneyi si yachilendo kwa ine, chifukwa ndinaisewerapo kwa mnzanga ku Chilenje pa PlayStation 4 ndi TV yaikulu, ndipo tinkatha Loweruka lathunthu tikulandizana kontrola popanda ine kumva kalikonse m'thupi.

Pa kamakina aka zinthu zasintha. Ndikangosewera mphindi 20, ndimayamba kutuluka thukuta lozizira, mseru umabwera, ndipo ndikaimirira chipinda chimaoneka ngati chikuyenda. Vuto lachiwiri ndi la kuloza mfuti. Tiziwanda tija timene timakwera m'makoma n'kumaponya moto sindikutha kutilasa, chifukwa ndikakankha analogi yakumanja (kandodo kowongolera ndi chala chachikulu) pang'ono mfuti imatsalira, ndikaonjezera mphamvu imapitirira, zipolopolo n'kuthera m'malere.

Mwezi watha ndinapita ku Chipata, ndipo ndinkaganiza kuti gemuyi indifupikitsira ulendo wa makilomita oposa 550 uja. Kuchoka pa siteshoni ya mabasi ya Intercity ku Lusaka mpaka ku Chongwe zinthu zinali bwino, koma titalowa m'makhota a ku Manenekela ndinazimitsa makinawo n'kutsamira mpando wakutsogolo maso ali chitsinzinire. Pa mlatho wa Luangwa anzanga anatsika kukagula nsomba zouma, pamene ine ngakhale fungo lake lenilenilo sindinkafuna kulimva.

Makinawa ndimawakonda chifukwa ndiwo amandisungitsa madzulo magetsi akazima, kapena malaiti monga tinenera kuno. Mafunso anga ndi awa: kodi chizungulire chimenechi chikuchokera ku makinawa kapena thupi langa ndilo silikugwirizana ndi magemu otere? Kodi ndigulitse Switch Lite kuti ndiyambe kusonkhanitsa ndalama za Steam Deck, makina ena a magemu a m'manja okulirapo? Ndipo ngati pali gemu ina yowombera ya za mlengalenga imene imayenda bwino pa kasikirini aka, chonde ndiuzeni.

Namwino wa ku Chelstone:

Achimwene, ine magemu sindisewera, koma mwana wanga amasewera, ndipo zimene mwafotokozazi ndimazidziwa kuchokera ku ntchito. Mkati mwa khutu lililonse muli timachubu titatu topindika tokhala ndi madzi, ndipo mutu ukatembenuka madziwo amasuntha n'kuuza ubongo kuti thupi likuzungulira mbali iti. Mukamasewera gemu imene mumaonera m'maso mwa msilikaliyo, maso anu amauza ubongo kuti mukuthamanga, mukudumpha ndi kutembenuka mwaliwiro, pamene makutu akunena kuti mwakhala phee pa mpando. Ubongo ukalandira mauthenga awiri otsutsana chonchi, umayankha ndi mseru, thukuta ndi chizungulire. Si matenda, ndipo anthu amasiyana kwambiri pa msinkhu umene amayambira kumva zimenezi.

M'basi zimafika poipa chifukwa kusagwirizanako kumawirikiza: basi ikukhotera kumanzere ndipo khutu likumva zimenezo, koma pa sikirini msilikali akutembenukira kumanja, ndipo maso sakuona msewu konse. Ngakhale kuwerenga nyuzipepala pa makhota amene aja kumadwalitsa ambiri, nanji kuthamangitsana ndi ziwanda.

Chimene chinakutetezani kwa mnzanu uja ndi chakuti TV inali patali, chipinda chinali chowala, ndipo m'mbali mwa maso anu munkaoneka makoma ndi mipando zosasuntha, zimene zinkatsimikizira ubongo kuti muli malo amodzi. Tsopano mukusewera mumdima magetsi atazima, kasikirini kali pafupi ndi mphuno, ndipo chinthu chokhacho chimene diso likuona n'chimene chikugwedezeka. Yatsani nyali ya sola kapena kandulo, khalani pa tebulo, tsamiritsani zigongono, ndipo makinawo atalikirane ndi nkhope. Mukayamba kuyasamula pafupipafupi kapena malovu akachuluka m'kamwa, siyani nthawi yomweyo osadikira mseru, chifukwa mukaumirira thupi limatenga nthawi yaitali kuti libwerere m'malo. Ambiri amazolowera akamasewera nthawi yochepa tsiku ndi tsiku n'kumaonjezera pang'onopang'ono. Mankhwala a mseru wa paulendo musamamwe chifukwa cha gemu, pakuti ambiri mwa iwo amagonetsa. Koma chizungulire chikamabwera ngakhale simunasewere, kapena m'khutu mukamalira, kapena mutu ukamapweteka powerenga, pitani ku kiliniki akakupimeni maso ndi makutu.

Wokonza mafoni wa m'tauni:

Mphwanga, amayi afotokoza bwino za thupi, ine ndionjezere za makina, chifukwa ndiwo ndimatsegula tsiku ndi tsiku. Doom imene munasewera pa PlayStation 4 ndi imene muli nayo m'manja zili ndi nkhani imodzi koma siziyenda mofanana. Pa PlayStation 4 gemuyi inapangidwa kuti izionetsa zithunzi 60 pa sekondi. Ya pa Switch, imene kampani ya Panic Button inakonza n'kutuluka mu Novembala 2017, imaonetsa zithunzi 30 pa sekondi, kutanthauza kuti chithunzi chilichonse chimakhala pa sikirini nthawi yowirikiza kawiri, ndipo mukakankha analogi pamapita kanthawi kokulirapo musanaone zotsatira. Kanthawi kameneko n'kochepa kwambiri moti simungakawerenge, koma chala ndi diso zimakamva, n'chifukwa chake mukuona ngati mfuti ikutsalira. Switch imayendera kachipangizo ka Nvidia Tegra X1, ka mtundu wa timakina ta m'manja, ndipo kuti gemu yaikulu chonchi ikwanemo, kuoneka bwino kwa chithunzi kumatsika pansi pa muyeso wa 720p nkhondo ikakula, n'kuoneka ngati chapakidwa mafuta. Zonsezi zikuchitikira pa sikirini ya mainchesi 5.5. Kunena zoona, ndi chodabwitsa kuti gemuyi imayenda n'komwe pa makina olowa m'thumba la jekete.

Musanaganize zogulitsa, yesani kuloza mfuti popendeketsa makinawo. M'kati mwa Switch Lite muli kachipangizo kotchedwa gyro kamene kamamva makina akapendekeka, ndipo Doom inalandira njira imeneyi mu 2018 kudzera mu update. Ngati kakhadi kanu sikanalumikizidwepo ku intaneti pa makina amenewo, mwina simunailandire, choncho pezani Wi-Fi yabwino muyambe mwakoka update imeneyo, kenako muyatse motion aiming m'masetingi. Kagwiritsidwe kake n'kotere: analogi yakumanja ikhale yotembenukira mbali imene kuli mdani, ndipo kukonza komaliza kuti mfuti ifike pa chandamale muzichita ndi manja onse awiri, monga mmene munthu amapendeketsera lichero popeta. Analogi ya Switch Lite ndi yaifupi, siyenda mtunda wautali ngati ya kontrola ya PlayStation, ndiye chala chachikulu chokha sichingakwanitse ntchito yosalala imeneyi. Masiku awiri oyamba mudzaona ngati zinthu zaipiraipira, koma osewera ambiri a Splatoon, gemu yowombera ya Nintendo, amalozera njira yomweyi ndipo safuna kubwerera. Muchepetsenso liwiro la analogi, ndipo paliponse pamene gemu ikulolani kuchepetsa motion blur, kusaoneka bwino kwa chithunzi mukamatembenuka, chepetsani.

Chinanso ndi kaseweredwe. Doom sinapangidwe kuti muzibisala patali n'kumalasa tiziwanda timene tili pa khoma. Thamangani, sendererani pafupi ndi shotgun, ndipo thupi la mdani likayamba kuthwanima muzimumaliza ndi manja, chifukwa kumaliza kotereku n'kumene kumabweza moyo, pamene tcheniso imagwetsa zipolopolo. Pafupi chonchi kuloza kwenikweni sikufunika kwambiri.

Pa funso la gemu ina, ine ndingakulozereni ku Metroid Prime Remastered popanda kukayika. Inatuluka pa Switch mu Febuluwale 2023, koma chiyambi chake ndi 2002 pa GameCube, yopangidwa ndi Retro Studios ya ku Texas. Mumaonera m'chipewa cha Samus Aran, mlenje wamkazi amene amatera pa dziko lotchedwa Tallon IV potsatira achifwamba a mlengalenga. Imayenda pa zithunzi 60 pa sekondi ngakhale m'manja, ndipo ili ndi batani limene mukalisindikiza mfuti imamatirira pa mdani yokha, inu n'kumangomuzungulira ndi kuzemba. Liwiro lake ndi lodekha, nthawi yambiri imathera pa kufufuza mapanga, kupima zinthu ndi kubwerera kumalo akale mutapeza chida chatsopano. Ena imawatopetsa chifukwa cha kubwererabwererako, ndipo pali zambiri zowerenga m'Chingerezi pa zilembo zazing'ono. Chenjezo lalikulu kwa ife a ku Lusaka ndi lakuti gemuyi imasunga pamene mwafika m'zipinda zapadera zokha, choncho batire likathera pakati pa ulendo mumabwerera kumbuyo kwambiri. Mukaona batire likutsika, funani chipinda chosungira musanachite china chilichonse.

Za batire, a Nintendo amati Switch Lite imakhala maola 3 mpaka 7, ndipo magemu olemera ngati Doom amakhala chakumunsi kwa muyeso umenewu. Chepetsani kuwala kwa sikirini, zimitsani Wi-Fi mukamasewera nokha, ndipo pogula pawabanki muonetsetse kuti ndi ya USB-C yolembedwa Power Delivery, chifukwa zotchipa zambiri zimatchaja pang'onopang'ono makina akakhala mkati mosewera. Pomaliza, lowani m'masetingi a makinawo pamene amayesera maanalogi, muone ngati kadontho kakukhala pakati mukachotsa chala. Kakamayenda kokha, ndiye kuti analogi yatha kapena mwalowa fumbi, ndipo fumbi la mwezi wa Ogasiti mpaka Okutobala kuno mukulidziwa. Pa Switch Lite maanalogi sachotseka ngati Joy-Con, timakontrola ta Switch yaikulu, munthu ayenera kutsegula makina onse kuti asinthe.

Wa ku Woodlands:

Ndikugwirizana ndi akulu a m'tauniwa pa zambiri, koma ndikuona kuti funso la Steam Deck alilumpha, ndipo ine ndili nayo, choncho ndinenepo. Makina amenewa a kampani ya Valve anatuluka mu Febuluwale 2022, ndipo kwenikweni ndi kompyuta yovala thupi la makina a m'manja. Doom yomweyo ya 2016 imayenda pa zithunzi 60 pa sekondi pa sikirini ya mainchesi 7, ndipo popeza ndi mtundu wa pa kompyuta, mumatha kukulitsa dera limene diso likuona nthawi imodzi. Kwa ine chimenechi ndicho chinathetsa mseru, chifukwa dera likakhala lopapatiza zimakhala ngati ukuthamanga ukusuzumira m'paipi. Mulinso gyro ndi timabwalo tiwiri tokhudza ndi chala timene timagwira ntchito ngati mausi. Kuonjezera apo mumapeza magemu amene pa Switch kulibe, monga Halo: The Master Chief Collection, imene ili ndi magemu 6 a Halo pamodzi, ndiponso Half-Life 2 ndi Titanfall 2.

Komabe walira mvula walira matope. Steam Deck yoyamba imalemera magalamu 669, pamene Switch Lite yanu ndi magalamu 275, ndiye mukaigwira m'mwamba ola lathunthu mikono imadandaula, ndipo m'minibasi ya ku Kulima Tower simungaitulutse popanda kugunda mnzanu ndi chigongono. Batire lake pa magemu olemera limatha m'maola awiri kapena kuchepera apo, ndipo tchaja yake ndi ya mawati 45, imene pawabanki wamba singafanane nayo. Amene anali kuno mu 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi ankasowa gawo lalikulu la tsiku, akudziwa kuti makina amene amatha msanga n'kufuna mphamvu zambiri potchaja amasanduka chokongoletsera pa shelefu. Chimene chimandithandiza n'chakuti sikirini yake mungaiike pa zithunzi 40 pa sekondi, zimene zimaoneka zosalala kuposa 30 koma osadya batire ngati 60.

Vuto lina ndi la intaneti. Steam Deck ilibe timakhadi ta magemu, chilichonse mumakoka pa intaneti, ndipo Doom ya pa kompyuta ndi yoposa magigabaiti 50. Ndi bandulo ya pafoni ndalama zake zikhoza kuposa za gemuyo. Komanso a Valve sagulitsa makinawa mwachindunji kuno ku Zambia, choncho mumadalira munthu wobwera kuchokera kunja kapena ogulitsa amene amaonjezerapo phindu lawo, ndipo akawonongeka zipangizo zake sizipezeka msanga. Maganizo anga ndi akuti musagulitse kanthu musanaigwire m'manja. Ngati mungathe kufika cha ku mashopu a East Park Loweruka lina masana, mundilembere kumbali, mudzasewere theka la ola muone ngati m'mimba mukhala bata.

Mphunzitsi wa ku Matero:

Ana anga, mukudandaula ndi maanalogi awiri, ife tinayamba ndi imodzi. PSP, PlayStation ya m'manja yakale, inali ndi kaanalogi kamodzi kokha kumanzere, ndipo pa Coded Arms, gemu ya Konami ya 2005 imene munthu amamenya nkhondo mkati mwa kompyuta, tinkayenda ndi kaanalogiko n'kumaloza mfuti ndi mabatani anayi a kumanja, ngati munthu wokhoma misomali ndi mwala. Pa Nintendo DS, Metroid Prime Hunters ya 2006 inkafuna kuti uziloza ndi kacholembera pa sikirini ya m'munsi, dzanja lina litanyamula makina onse, ndipo pakatha theka la ola zala zinkachita dzanzi.

Chimene zaka zimenezi zinandiphunzitsa ndi kusiyanitsa gemu yobadwira pa makina a m'manja ndi gemu yopanikizidwa kuti ikwanemo. Killzone: Mercenary ya 2013 pa PlayStation Vita inabadwira pomwepo. Umakhala msilikali waganyu wolipidwa ndi mbali zonse ziwiri za nkhondoyo, a ISA ndi a Helghast, ndipo nkhani yake inagawidwa m'zigawo zoti ukhoza kumaliza chimodzi n'kuika makina m'thumba. Adani amaoneka bwino pa sikirini ya mainchesi 5, ndipo zilembo zimawerengeka. Doom inapangidwira TV yaikulu ndi kompyuta, ndiye tikaipanikiza pa kasikirini sitiyenera kudabwa kuti maso akuvutika. Sindikunena kuti mukasake Vita, popeza inasiya kupangidwa mu 2019, makhadi ake osungira zinthu ndi a mtundu wakewake ovuta kupeza, ndipo kusewera Killzone imeneyi ndi anthu ena pa intaneti kunatsekedwa mu 2022. Ndikungoti posankha gemu yotsatira muzifunsa kaye kumene inabadwira. Ya Metroid imene yatchulidwa ija inakonzedwanso mwadala chifukwa cha Switch yokha, ndipo zimenezo zimaoneka.

Mnyamata wa ku Kabwata:

Zikomo kwambiri nonse, ndabwera kudzapereka lipoti patatha sabata imodzi. Akulu a m'tauni munalasa pomwepo: makinawa anali asanakokepo update ya Doom. Ndinaikoka pa Wi-Fi ya kuntchito nthawi ya nkhomaliro, ndipo njira yopendeketsa ija inapezeka. Tsiku loyamba ndinkaloza kudenga ndi pansi ngati woledzera, koma pofika Lachinayi ndinayamba kulasa tiziwanda tija tili m'malere. Ndinayesanso maanalogi m'masetingi, ndipo kadontho kakukhala pakati bwinobwino.

Amayi a ku Chelstone, malangizo anu a nyali ndiwo andithandiza koposa. Tsopano ndimayatsa nyali ya sola n'kukhala pa tebulo m'malo mogona chagada pa bedi, ndipo ndikufika mphindi 40 ndisanayambe kuyasamula. Mseru sunatheretu, makamaka m'malo opapatiza amene msilikali amatembenuka pafupipafupi, koma thukuta lozizira lija silinabwerenso. Achimwene a ku Woodlands, ndikulemberani, ngakhale kuti nkhani ya magigabaiti 50 ija yandiziziritsa kale m'nkhongono.

Ndatsala ndi funso limodzi. Msuweni wanga uja akubweranso, ndipo ndikufuna kumutuma kakhadi ka Metroid Prime Remastered. Kodi kakhadi kogulidwa ku South Africa kangagwire ntchito pa makina amene sindikudziwa dziko limene anagulidwa poyamba?

Wokonza mafoni wa m'tauni:

Kagwira ntchito, mphwanga. Timakhadi ta Switch sititsekeredwa ku dziko limodzi monga zinalili pa makina ena akale, choncho ka ku South Africa, ka ku Ulaya kapena ka ku America konse kamalowa. Amene amasiyana ndi makina opangidwira msika wa ku China okha, ndipo n'zokayikitsa kuti anu ndi amenewo. Mumuuze msuweni wanuyo kuti agule kakhadi kenikeni osati nambala yokokera gemu pa intaneti, chifukwa kakhadi sikadya bandulo, sikadzaza magigabaiti 32 a m'makina anu, ndipo mukamaliza mukhoza kusinthana ndi wina. Ndinaiwala kunena chinthu chimodzi: mukadzakweranso basi ya ku Chipata muzimitse gyro, chifukwa kachipangizoko sikasiyanitsa manja anu ndi kugwedezeka kwa basi, ndipo pa bampu iliyonse mfuti idzaloza kumwamba.